Mawondo a Kapitawo

Bondo lakumanzere ndilo linayamba kutupa. Patapita sabata ziwiri lakumanja nalo linatsatira, ndipo m'mawa wa Lachiwiri mkuluyo atatsegula khola anapeza Kapitawo, tonde wake wamkulu, akudya msipu chogwada.

Anaima pakhomo la kholalo chidebe chili m'manja, madzi akutayikira pa nsapato koma iye osamva. Mbuzi yodya chogwada anali ataionapo kale, imodzi yokha, ndipo ankadziwa bwino mmene inathera.

Anthu ankamutchula kuti a Ndinanena, chifukwa chinthu chikaipa, kaya mlatho wakokoloka, kaya banja la mwana wa mnansi latha, iye ankangopukusa mutu n'kutulutsa mawu omwewo. Ndipo kawirikawiri ankakhala atanenadi. Sukulu analekeza sitandade folo, koma ankati zimene anaphunzira pambuyo pa mbuzi zaka makumi anayi n'zambiri kuposa zimene anthu a mataye amaphunzira kuseri kwa tebulo. Sankakhulupirira wailesi, sikelo ya wogula, kapena munthu aliyense wobwera pa njinga yamoto atanyamula pepala. Koposa zonse sankakhulupirira singano. Chaka china, mkazi wake akali moyo, kunabwera anthu a katemera n'kubaya mbuzi zake zonse, ndipo sabata isanathe zinayi zinali zitafa. Atapita kukadandaula anamuuza kuti zinali zodwala kale, n'kumusonyeza khomo. Kuyambira pamenepo analumbira kuti chiweto chake chabwino sichidzalawanso singano ya munthu wa mapepala.

Kapitawo anabadwa mapasa ndi mnzake, onse oyera, a banga lofiirira pamphumi ndi makutu ogwa, ofanana ngati anawaumba m'chikombole chimodzi. Mayi wawo anakana mmodzi, monga zimachitira mbuzi zina, akati ayandikire bere n'kumugunda ndi mutu. Wokanidwayo ndiye anali Kapitawo. Mkuluyo anamutenga n'kukamupereka kwa mbuzi ina yokalamba imene mwana wake anali atangofa. Mbuzi imeneyo malemu mkazi wake anaitcha Nagwada, poti inkadya chogwada, ndipo ankaseka kuti pakhomo ponsepo ndi yokhayo imene imakumbukira kupemphera isanadye. Mawondo ake anali ngati zibakera, bere lake louma gwa mbali imodzi, koma mbali inayo mkaka unkatuluka, ndipo Kapitawo anayamwa miyezi itatu yathunthu. Nagwada inapitiriza kuonda ngakhale inkadya, mpaka tsiku lina inalephera kudzuka. Mkuluyo anati ndi ukalamba, n'kuikwirira kuseri kwa khola.

Mwana wokanidwa uja anakula modabwitsa, chifuwa chotambalala, msana wowongoka ngati thabwa, ana ake aakazi mkaka wawo wosati masewera. Mnzake, amene anayamwa kwa mayi wake weniweni, anakula bwino ndithu koma anali waulesi, wokonda mthunzi, n'chifukwa chake ankatchedwa Tulo.

Chaka chatha mbiri ya Kapitawo inafika kwa anthu a ziweto. Anabwera n'kunena kuti akufuna mbewu yake, akaiumitse m'timachubu m'chigubu cha mpweya wozizira, kuti alimi akutali amene alibe tonde wabwino mbuzi zawo zizitenga bere tondeyo asanaponde n'komwe pakhomo pawo. Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola, nati dziko lafika poipa, tonde ali ndi ntchito imodzi yokha koma nayonso akumulanda. Komabe mumtima zinamukomera. Zaka zonsezi panalibe wa mapepala amene anamuuzapo kuti pali chimene wachita bwino. Anthuwo anamuveka Kapitawo lamba m'khosi wokhala ndi kachitsulo ka nambala, n'kunena kuti kubwera kaye munthu wodzatenga magazi kuti aone ngati tondeyo alibe matenda, kenako ndiye kubwera otenga mbewu.

Pamawu oti magazi m'pamene mtima wa mkuluyo unatsekeka. M'mawa wa tsiku lotenga magazilo anamasula lamba uja m'khosi mwa Kapitawo n'kumuveka Tulo, Kapitawo n'kukamumangirira kuseri kwa munda. Wotenga magazi anali mlendo, wachangu ngati wasiya mphika pamoto. Anawerenga nambala, anabaya, analemba, ulendo. Madzulo lamba anabwerera kwa mwini wake. Mkuluyo anadziuza kuti mimba ndi imodzi, atate ndi amodzi, nanga magazi angasiyane pati? Ngati singanoyo yanyamula imfa, afe Tulo. Patatha sabata zitatu pepala linabwera loti nambala imeneyo ilibe matenda alionse. Otenga mbewu anabwera katatu ndi galimoto, atanyamula mbuzi yawo yaikazi ndi kachipangizo ka labala kolandirira mbewu, Kapitawo anagwira ntchito yake mosanyinyirika, ndipo pakhoma la pabalaza panapachikidwa satifiketi yokhala ndi chithunzi chake. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mwambi umenewu mkuluyo ankaudziwa, koma ankayesa kuti umanena za mbuzi zokha.

Tsopano anatula chidebe, nagwada pambali pa tonde wake, mawondo ake omwe akulira, n'kugwira bondo lotupalo. Linali lofewa ngati muli madzi, losatentha, lopanda bala, lopanda munga. Anayendetsa dzanja m'nthiti, napeza kuti zala zikuziwerenga mosavuta. Anayesa kudziuza kuti mwina wagwa, mwina amenyana ndi Tulo. Koma tondeyo anatembenuza mutu n'kumuyang'ana ndi maso omwe aja a Nagwada, ofatsa, osadandaula.

Anavala jekete, nakwera njinga kupita ku ofesi ya ziweto, kumene anali asanalowe zaka khumi ndi ziwiri.

Chinali chipinda chimodzi chokhala ndi benchi, firiji yong'ung'udza, mashelefu a mabotolo, ndipo pakona panali chigubu chija, chotuwa, chofika m'chiuno, chovindikira bwino ngati mulibe kanthu. Mlangizi wa ziweto anali mayi wonenepa wovala majombo, wodziwika kuti sazungulira polankhula. Mkuluyo ankangomutchula kuti mayi wa chigubu. Atamuona pakhomo, mayiyo anasuzumira pawindo, nati akuona kaye ngati kunja sikukugwa matalala, poti a Ndinanena abwera okha popanda wowakoka ndi chingwe.

Mkuluyo sanaseke. Anati wadzagula mafuta opaka, komanso pali mnzake wina, wakutali ndithu, amene mbuzi yake yatupa mawondo onse awiri, ikudya chogwada ndipo ikuonda.

Mayiyo analeka kulemba. Anamulozera chithunzi china pakhoma, pakati pa kalendala ndi chithunzi cha nkhupakupa. Panali mbuzi yogwada. Mkuluyo anayandikira n'kuyamba kuwerenga mawu apansi pake, liwu limodzilimodzi, milomo ikugwedera, koma mayiyo anamudula n'kumufotokozera pakamwa. Anati ndi kachilombo, vayirasi, kamene kamatha kukhala m'thupi mwa mbuzi zaka ziwiri, zitatu, ngakhale zisanu, mbuziyo ikuoneka yonenepa bwino. Kakadzuka kamagwira mawondo, kamaumitsa bere, nthawi zina mapapo. Mankhwala ake kulibe, katemera kulibe. Kwa anthu sikapita. Njira yake yaikulu ndi mkaka, makamaka woyamba wachikasu uja: mwana akayamwa kwa mbuzi yodwala, ndiye kuti wamwa ndi matenda omwe.

Mkuluyo anagwira m'mphepete mwa tebulo. Anafunsa za nyengo, anafunsa ngati mafuta opakawo ndi a m'botolo kapena a m'chitini, kenako, akuyang'ana pansi, anafunsa ngati kachilomboko kamapezekanso m'mbewu ya tonde.

Mayiyo anati nthawi zina kamapezekamo. Sikuti mbuzi iliyonse yolandira mbewu yotero idwala, ayi, mwina zambiri zingapulumuke, koma palibe amene angalumbire kuti iyi yapulumuka. Ndipo kuzizira kwa m'chigubu sikukapha, kumakasunga bwinobwino monga kumasungira mbewuyo.

"N'chifukwa chake timayamba ndi magazi, madala," anatero akugogoda chigubucho ndi cholembera. "Tonde wa m'khola akadwala amaononga khola limodzi. Wa muno amakwera njinga yanga."

Mkuluyo anafunsa chimene amachita ndi khola limene mwapezeka matendawo. Mayiyo anati amayeza zonse, zodwala amazipatula kosatha kapena kuzipha, ndipo pakhomo pamenepo sipatulukanso mbuzi yoweta mpaka patayera. Kenako nkhope yake inamasuka, nati za mnzakeyo amuuze abwere yekha asachite manyazi, koma iye mwini nkhani yabwino waimva? Mbewu ya Kapitawo inali isanatulukepo m'chigubu, mapepala anachedwa miyezi yambiri, koma tsopano zonse zatheka. Ndipo woyamba kulembetsa, amene anachita kuchonderera kuti akhale woyamba, ndi mwana wamkazi wa mkuluyo.

"Amafuna adzakuuzeni ana atabadwa, ndiye musandiulule. Akuti akufuna magazi akwawo m'khola mwake. Mawa naini koloko ndili kumeneko, mbuzi zonse khumi ndi imodzi."

Anafotokozanso kuti mbuzizo anaziika timasiponji ta mankhwala kuti zonse zifune tonde tsiku limodzi, anachotsa dzulo masana, ndiye nthawi yake ndi mawa m'mawa basi, ikadutsa yadutsa. Akachoka kumeneko apita kwa alimi ena asanu ndi awiri sabata yomweyi.

Mkuluyo anatsegula pakamwa. Anaona mbuzi zake makumi awiri ndi zitatu zili pamzere, mayi wa majombo ali ndi singano. Anaona anthu a pamsika akugwirana mapewa ndi kuseka, kuti a Ndinanena amene amanena zonse, ichi chokha sananene. Anatseka pakamwa, natenga chitini cha mafuta n'kutuluka.

Mwana wakeyo anali mmodzi yekha wotsala mwa anayi. Mwamuna wake anapita kukafuna ntchito zaka zisanu ndi zitatu zapitazo ndipo akuifunabe, wasiya ana atatu. Mwanayo anayamba ndi mbuzi imodzi yamkaka, n'kumawonjezera pang'onopang'ono, kudzuka nkhuku zisanatsike, manja ong'aluka ndi sopo wotsukira zigubu. Khola lake linali la simenti pansi, loyezedwa chaka ndi chaka, ndipo ogula mkaka ankamukhulupirira chifukwa cha kuyerako. Ana ake ankadya mbuzizo, kuvala mbuzizo, kupita kusukulu ndi mbuzizo. Bambo ake anamuuza pachiyambi kuti sizipita patali. Pa chinthu chimenechi chokha anasangalala kuti analakwa, ngakhale sanamuuzepo.

Masana a tsikulo kunabwera mlamu wake, mchimwene wa malemu mkazi wake, wopha mbuzi pamsika, munthu woti akayang'ana chiweto amaona miyendo inayi yopachika pambedza. Anapeza mkuluyo akupaka mafuta mawondo a Kapitawo. Anaima, anayang'ana, nati alamu ayamba liti kutikita amuna anzawo, poti mlongo wake anamwalira asanatikitidwepo ngakhale chala. Ataona kuti nthabwala yagwera pamwala, anagwada n'kugwira bondolo yekha, natulutsa mluzu wapansipansi.

"Alamu, uyu akukupemphani mpeni. Akugwadira chiyani china?"

Mkuluyo anati ndi tonde wa satifiketi, ali ndi nambala, anthu a ziweto adzamufunsa.

Wopha mbuziyo anayang'ana Kapitawo, anayang'ana Tulo amene anali gone pamthunzi, nakweza mapewa. Anati nambala ili palamba, siili pachikopa. Anati pambedza palibe amene amafunsa za mawondo. Iye za kusinthana kwa chaka chatha sankazidziwa, anangoona mapasa awiri ndi lamba mmodzi, koma mawu ake analowa mwa mkuluyo ngati madzi m'mchenga wouma. Kapitawo akapita pambedza, Tulo akavala lamba, ndani angadziwe? Abwere ndi singano zawo, ayeze kakhumi, apeza tonde woyera, wa nambala yomweyo, wa nkhope yomweyo ya pachithunzi. Ndipo mayi wa chigubu ananena yekha kuti zambiri zingapulumuke. Mwina zonse. Mwinanso Kapitawo anangogwa.

Anagwirizana kuti mlamuyo abwere mawa m'mawa ndi chingwe.

Kutacha mkuluyo anamasula lamba m'khosi mwa Kapitawo, namuveka Tulo. Tulo sanadzuke n'komwe. Tiyi anathira m'kapu koma anazizirira pawindo. Dzuwa linali litakwera kale pamene mlamu uja anafika, mpeni wokulunga m'chiguduli uli m'khwapa, akudandaula kuti njinga yake inaphwa tayala. Anamanga Kapitawo chingwe n'kuyamba kumukokera kumtengo wa kuseri kwa khola, pafupi ndi pamene panagona Nagwada. Tondeyo anayenda mapazi angapo, kenako anagwa chogwada n'kumakwawa choncho, akutsatira chingwe mosakana.

Wopha mbuziyo sankatha kugwira ntchito ali chete. Akunola mpeni pamwala anayamba kukamba za mphwake, mwana wa mkuluyo, kuti anadutsako sabata yatha, mwana ameneyo ali ndi mutu, sanatengere abambo ake. Mkaka wonse amakamira m'chigubu chimodzi, wogulitsa apo, wa ana a mbuzi apo, ndipo tiana tonse timayamwa m'chidebe chimodzi chija cha mawere a labala asanu ndi limodzi, tili ndandanda ngati ana a sukulu. Palibe kamene kamadziwa mayi wake.

Mkuluyo ankachidziwa chidebe chimenecho. Anachiboola yekha ndi msomali wamoto, mabowo asanu ndi limodzi, n'kulowetsamo mawerewo, mwana wake ataimirira pambali akumuuza kuti akupotoza. Chinali chinthu chokhacho chimene anapangapo m'khola limenelo.

Mkaka wa mbuzi zonse, m'chidebe chimodzi, kwa ana onse.

Kuyambira dzulo ankadzitonthoza kuti zambiri zipulumuka. Koma m'khola la mwana wake sipafunika zambiri. Imodzi yokha ikatenga kachilomboko, mkaka wake ulowa m'chidebe, ndipo ana onse a chaka chimenecho amwa, ndi a chaka chotsatira, onse akuoneka onenepa bwino, mpaka tsiku lina mwana wake adzatsegule khola n'kupeza zonse zikupemphera.

"Mlamu, leka," anatero mkuluyo.

"Mwati chiyani? Gwirani miyendo apa."

"Ndati leka. Um'masule, um'patse madzi. Ukam'khudza ndi mpeni umenewo, ine ndi iwe chibale chatha."

Anathamangira m'khola, anamasula lamba m'khosi mwa Tulo, namuika m'thumba la jekete. Wotchi yapamkono inkati eyiti yadutsa ndi theka. Kwa mwana wake unali ulendo wa ola limodzi kwa munthu wa miyendo yabwino. Foni anali nayo, koma inali m'kabati chizimire kuyambira mwezi watha, poti ankati imamvetsera zolankhula za anthu.

Anapalasa monga anali asanapalasire zaka makumi awiri. Pamtunda wa pafupi ndi chigayo anatsika n'kukankha, chifuwa chikulira ngati mvukuto. Anthu ankamupatsa moni, iye osayankha. M'mutu mwake munali pemphero limodzi lopanda ulemu: njinga ya mayi uja ikane kulira, tayala liphulike, anthu a mapepala sasunga nthawi, sanasungepo nthawi chibadwire chawo, asayambe lero.

Njinga yamoto anaipeza itaima pachipata, injini itazizira kale.

Kuseri kwa nyumba, pansi pa denga la malata, mbuzi zinali zitamangidwa pamzere. Chigubu chinali pamthunzi, kautsi koyera kakutsetsereka pakamwa pake. Patebulo panali fulasiki ya madzi ofunda, magolovesi, lumo, ndi kachitsulo kakatali kowonda kolowetsera mbewu. Mwana wake anali atakweza miyendo yakumbuyo ya mbuzi ina pamtanda, waigwira zolimba, ndipo mayi wa chigubu, tochi ili pamphumi, anali atangotulutsa kachubu m'madzi ofunda n'kumakapukuta ndi kansalu.

Mwanayo atamuona anaseka, nafunsa kuti wawaululira ndani, kapena abwera kudzaona ngati mkamwini wa m'chigubu akugwira bwino ntchito. Mkuluyo anasiya njinga igwe yokha. Mpweya unamuthera, mawu osatuluka. Anangokweza dzanja.

"Zingati?" anatero potsiriza.

"Zitatu zatha, Bambo. Iyi ndi yachinayi. Khalani pansi, mukuoneka ngati mwaona mzukwa."

"Lekani."

Anapita pachigubu, natulutsa lamba uja m'thumba n'kumuika pachivindikiro. Kachitsulo ka nambala kanalira pang'ono. Mayi wa chigubu anayang'ana lambayo, kenako anayang'ana mkuluyo, ndipo nkhope yake inasonyeza kuti wakumbukira za mnzake wakutali uja.

"Magazi munayeza aja si a Kapitawo," anatero mkuluyo. "Ndi a Tulo, mnzake wa mapasa. Ndinasintha lamba. Mbuzi yogwada ndinakuuzani dzulo ija ndi Kapitawo."

Mbuzi ya pamtanda ija inkalira kuti aitsitse. Mayiyo anaika kachubu patebulo pang'onopang'ono ngati kangaphulike, nazimitsa tochi. Sanakalipe, ndipo mkuluyo akanakonda akanakalipa. Anangofunsa kuti mawondo anayamba liti, ndipo tondeyo ali mwana anayamwa kwa yani. Mkuluyo anatchula Nagwada. Mwana wake, amene ankaikumbukira bwino mbuzi imeneyo ndi nthabwala ya amayi ake, anatsitsa miyendo ya mbuzi ija pansi, napukuta manja pa epuloni nthawi yaitali, ngakhale anali ouma.

Zitatu zimene zinali zitalandira kale zinali zabwino koposa m'kholamo. Anayamba ndi zimenezo dala, kuti mbewu yakwawo ipite kwa zamkaka wambiri.

"Bambo," anatero mwanayo, mawu ali pansi, "moyo wanga wonse mwakhala mukundiuza kuti ndisakhulupirire pepala la munthu. Limeneli ndinalikhulupirira chifukwa linali pakhoma panu."

Mkuluyo anafuna kunena za mbuzi zinayi zija zinafa ndi katemera, za khomo limene anamusonyeza, za mimba imodzi ndi atate amodzi. Zonse zinali zoona, koma palibe chimene chikanabweza timachubu titatu. Madzi akatayika saoleka. Anangoima, chipewa chili m'manja.

Mayi wa chigubu ndiye anayamba kuyenda. Anavula magolovesi, natenga ena atsopano ndi zipangizo zina zosagwiritsa ntchito. Anati zisanu ndi zitatu zotsalazi nthawi yake isatayike, m'chigubu muli mbewu ya tonde wina amene anamuyeza kawiri iye mwini ataimirira pomwepo. Timachubu tonse ta Kapitawo atipatula lero lomwe, alimi asanu ndi awiri aja awaimbira. Zitatu zija zipakidwe penti pamsana, zikhale m'khola lawolawo, chidebe chawochawo, mkaka wawo usayandikire ana. Aziziyeza magazi mobwerezabwereza, chifukwa kachilomboko kamachedwa kuonekera, ndipo pepala loyamba likayera sindiye kuti nkhani yatha. Mwina sizinatenge matendawo. Koma zikatenga bere, pakatha miyezi isanu pakhale munthu wodikirira, mwana akangotuluka amulande mayi asanamunyambite, asanayamwe ngakhale dontho.

"Ndipo masana ano ndili kwanu, madala, ndi singano makumi awiri ndi zitatu. Iliyonse mugwira ndinu."

Anagwiradi. Anayamba ndi Kapitawo, mutu wake uli m'khwapa mwa mkuluyo, ndevu zikumukanda padzanja, ndipo singano italowa m'khosi amene anatseka maso anali mwini mbuzi. Mapepala atabwera, Kapitawo anali nako kachilomboko, pamodzi ndi zina zisanu ndi ziwiri. Tulo analibe. Mlamu uja anabwera ndi chingwe chake kachiwiri, ndipo ulendo uno sanalankhule nthabwala ngakhale imodzi. Satifiketi mkuluyo anaichotsa yekha, pakhoma panatsala malo oyera a ngodya zinayi. Kumsika anthu anasekadi monga ankaopera, koma anapeza kuti kuseka kwawo sikumupweteka kwambiri, chifukwa mantha ake onse anali atasamukira m'kakhola ka mbuzi zitatu za penti yofiira pamsana.

Kakholako anakamanga yekha, kumapeto kwa mpanda wa mwana wake. Ankabwera tsiku lililonse kudzazidyetsa, n'kutsuka manja ndi majombo asanayandikire zinazo. Mwanayo ankamupatsa moni, ankamupatsa tiyi, koma zokamba zawo sizinkapitirira za msipu ndi madzi. Mwa zitatuzo ziwiri zinatenga bere. Kuyeza koyamba kunayera, kwachiwiri kunayeranso, ndipo mayi wa chigubu anati n'zabwino, koma tidikire. Mkuluyo m'mawa uliwonse asanathire msipu ankagwada n'kugwira mawondo asanu ndi limodzi akutsogolo, limodzilimodzi, mtima uli m'mwamba.

Yoyamba inabereka tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo. Mkuluyo anali atakhala pachitini pomwepo masiku anayi, thumba loyera lili pamiyendo. Mwana atangogwa pansi, wonyowa, akuphupha, mayi wake anatembenuka lilime lili kunja, koma manja a mkuluyo anafika msanga. Anamukulunga m'thumba n'kutuluka naye, mbuziyo ikulira kumbuyo, ikugunda chitseko ndi mutu. Kulira kumeneko kunamutsatira mpaka pakhonde.

Anamupukuta. Anali woyera, wa makutu ogwa, banga lofiirira pamphumi.

Mwana wa mkuluyo anatuluka m'khitchini ndi botolo la mkaka woyamba wa mbuzi ina yoyezedwa, umene anasunga m'firiji n'kuufunditsa monga mayi wa chigubu anawaphunzitsira. Anaima pang'ono akuyang'ana banga lija, kenako anapereka botolo kwa bambo ake. Kamwanako kanayesa kuimirira, kanagwa, kanayesanso, kananunkhiza bere la labala. Ndiye kanapinda miyendo yakutsogolo, kanagwada, n'kuyamba kuyamwa kamchira kakugwedera.

Mkuluyo anangoti maso pa timawondoto, botolo n'kupendekeka mpaka mkaka unadonthera pasimenti.

"Onse amayamwa chogwada, Bambo," anatero mwana wake, n'kugwira botololo pansi pake kuti lisagwe. "Mukudziwa inu."

Ankadziwa. Ana a mbuzi anali ataona mazana akuyamwa chomwecho. Komabe maso ake sanachoke pa timawondo tija mpaka botolo linatha, kamwanako n'kuimirira.